Juzi ya Malemu Hawkins

"Mlamu, sindikuyankhula Chingerezi ine. Ndati juzi ya mchimwene wanga ili kuti?"

Thandie anaima pakhonde manja ali m'chiuno, mawu ake akumveka mpaka kumpopi. Selina, mkazi wa malemu mchimwene wakeyo, anali pamkeka, singano zolukira zili m'manja, njovu ya ulusi yosamaliza chitamba ili pamiyendo. Sanadzutse mutu.

"Zovala zonse munagawana, alamu. Ine ndinkangoyang'ana."

"Tinagawana zimene inu munatulutsa! Nsapato anatenga achimwene a Dominiko, malaya anapita kwa ana a ku Bangwe, jekete tinawapatsa amalume. Nanga juzi yobiriwira ija, ya mabatani pakhosi, imene Hawkins ankavala popita kuntchito ku Makata kukakhala chiperoni? Inamera miyendo?"

"Inali yotha kale ija."

"Yotha? Ha! Yotha, kapena inasanduka icho?"

Chala cha Thandie chinaloza kuseri kwa chitseko. Kumeneko kunali Alinane, mwana mmodzi yekhayo wa Selina, kamtsikana ka sitandade wani, atakumbatira chidole. Chinali chidole cha munthu wamwamuna, chovala kachipewa, maso ake a mabatani. Ndipo chinali chobiriwira, kubiriwira komwe kuja kwa juzi. Apa panalibenso chokana.

"Ndinaimasula ndine," Selina anavomera motsitsa mawu. "Ndinamulukira mwana."

"Mayo ine! Tamvani anthuni! Chovala cha womwalira, chosachapa, chosadutsa m'manja mwa abale, inu mwachibisa n'kuumba nacho munthu? Ndi mwambo wa kuti umenewu?"

"Si mwambo, alamu. Ndi mwana. Kuchokera tsiku la maliro Alinane sanatulutse mawu, inu mukudziwa, pabwalo pano tili limodzi. Kusukulu anachita kumubweza. Tsiku limene ndinamupatsa chidolecho anachinunkhiza, n'kunena kuti 'adadi.' Ndi mmene anayambiranso kuyankhula."

"Anati adadi! Mwadzimvera nokha? Ngakhale mwana wazindikira amene ali m'menemo." Thandie anawomba m'manja, n'kutembenukira kumpanda kumene mitu ya aneba inali itayamba kale kusuzumira. "Ine ndinkadabwa. Munthu wamphamvu zake, kungoyamba kukanika kumeza ngati wina wamumanga chingwe pakhosi. Sipanapite nthawi, mkazi wake uyo wayamba bizinesi ya zidole, matumbamatumba. Chabwino. Ndikawauza achimwene."

Tinene chilungamo pano, poti Thandie sakanachinena. Hawkins anamwalira ndi khansa ya kummero. Madokotala a kuchipatala chachikulu m'tauni ananena poyera, abale onse ali pomwepo, Thandie yemweyo akugwedeza mutu. Koma kwathu ku Ndirande kuno munthu safa ndi zimene anena adokotala, amafa ndi zimene anena aneba.

Ndipo zidolezo sizinali bizinesi ya Selina ayi. Miyezi imene anali gadiyani wa mwamuna wake, akugona pansi pambali pa bedi, anadziwana ndi Mai Ayesha, mayi wachikulire wachisilamu wa kuseri kwa msika, amene anataya mwana wamkazi ndi khansa yomweyo. Mai Ayesha ndi amayi anzawo, onse oti analirapo maliro a matendawa, amagula majuzi otha pa kaunjika, kuwamasula, n'kuluka njovu, akamba, nkhuku ndi mbidzi. Singano zawo ndi masipoko a njinga osongola. M'mimba mwa zidolemo amaikamo zidutswa za nsalu zokatola kwa telala Shafiq. Loweruka amakazigulitsa pa raundabauti ya Kameza, ndipo zonse zimene apeza zimagula ufa wa phala, sopo ndi thiransipoti ya odwala khansa ochokera kutali. M'thumba la Selina simunkalowa ngakhale ya mchere.

Mawa lake Selina anapita kwa Mai Ayesha kukatenga ulusi. Anawapeza pakhomo akukulunga ulusi wofiira pamiyendo ya mpando wogadabuza.

"Usavutike n'kufotokoza, ndamva kale," anatero mayiwo. "Nkhani yako yafika kumsika ine ndisanasese n'komwe. Selina mwana wanga, sindinakuuze kuti ife timaluka nyama zokhazokha? Ukuganiza kuti munthu sindingathe kumuluka? Njovu palibe amene amaifunsa dzina. Koma ukangoluka cha miyendo iwiri, anthu ayamba kufunsa kuti ameneyu ndi ndani."

"Sindinalukire anthu, amayi. Ndinalukira mwana wanga."

"Ulusiwo unauchapa?"

"Ayi. Ndikanachapa fungo likanachoka. Ndinauluka uli wopotanapotana chomwecho. Muli sopo wa malemu uja, muli girisi wa kufakitale, muli thukuta lawo. Alinane akamagona amaika mphuno pakhosi pa chidolecho."

Mai Ayesha anasiya kukulunga.

"Wanga anasiya mpango," anatero. "Mpaka lero sindinauviike m'madzi." Anapukuta m'maso ndi nsonga ya nsalu yawo yakumutu. "Koma iwe chibise. Bwera nacho kuno chikhale kaye m'sutikesi mwanga mpaka anthu atope."

"Ndikamulanda mwanayo abwerera komwe anali. Inu simunamuone, amayi. Umamuitana, iye n'kumangokuyang'ana ngati ndiwe khoma. Mwamuna ndinaika m'manda, chabwino. Koma mwana wamoyo kukhala chete chonchija, ayi, zimenezo sindingazipirirenso. Bola anditukwane."

"Akanakhala otukwana okha, bwenzi ndikuti alekeni. Anthu athuwa amayamba ndi pakamwa, kumalizira ndi machesi."

Selina ananyamula ulusi wake n'kubwerera, chidole osachibisa.

Madzulo a tsiku lomwelo, akumusambitsa m'beseni kuseri kwa nyumba, Alinane anafunsa funso limene mayi wake sanalikonzekere.

"Amami, aanti akuti adadi ali m'chidolemu. Zoona?"

Apa ndi pamene Selina analakwitsa, ngati kumeneko n'kulakwa. Anayenera kunena kuti ayi mwanangu, ndi ulusi chabe. Mawuwo anali pakamwa ndithu. Koma mwanayo ankamwetulira, mano akutsogolo ogweluka ali poyera, kumwetulira kumene Selina anali asanakuone chichokereni kumanda. Ndi mayi uti akanazimitsa zimenezo?

"Ali nawe, mwanangu," anatero. "Sanakusiye."

Kutacha, Selina ali kalikiliki ndi mbaula, Alinane anatenga mbale yake ya phala n'kukakhala nayo pakhonde. Anachikhazika chidole chija pamiyendo, n'kuyamba kuchipatsa phala ndi sipuni. Nanga si ndi zimene ankaona? Masabata omaliza a bambo ake, iye ankaima pakhomo kuonerera mayi ake akuwanyengerera kuti ameze.

"Pang'onopang'ono, adadi," ankatero, mawu ake akutengera a mayi ake. "Mezani. Kamodzi kokha basi. Mukameza muchira."

Amake Ricky, neba wa kuseri kwa mpanda, amene khutu lawo limagona panja, anali akuyanika zovala. Anaona zonse. Anasiya malaya akudontha pachingwe, ulendo kwa Thandie.

Aliyense wokulira kuno amadziwa nkhani za ndondocha. Amati munthu wofuna chuma amapha wachibale m'matsenga, n'kumusunga m'nyumba kuti azimugwirira ntchito, ndipo amamudyetsa phala mobisa. Palibe amene anaionapo ndi maso ake, koma aliyense ali ndi msuweni amene anaiona. Tsopano apa panali chidole choumbidwa ndi chovala cha malemu, ndipo chinali kudya phala m'mawa dzuwa likuwala. Abale inu, ankafunanso umboni wanji?

Masabata otsatirawo anali owawa. Kumpopi ndowa ya Selina ankaikankhira pambali ndi phazi. Kutchalitchi benchi imene anakhalapo inatsala ya iye yekha, amayi amene ankaimba nawo kwaya atapanikizana kumbuyo. Ana anauzidwa kuti asamasewere ndi Alinane. Koma Alinaneyo analibe nazo ntchito. Ankacheza ndi adadi ake tsiku lonse, kuwauza za sukulu, kuwaimbira, kuwakalipira akakana phala. Selina akamva mawu amenewo kuchokera m'nyumba, ankati m'mtima, anene zimene anene, mwana wanga akuyankhula. Ndipo ankapitiriza kuluka, thumba la ku Kameza n'kumadzaza.

Lachisanu lina masana, tsiku loti mawa lake zidole zipite kokagulitsa, Dominiko anatulukira kuchokera ku Bangwe. Ameneyu ndiye anali mkulu wawo wa Hawkins ndi Thandie, bambo wa mawu ochepa koma wamtima wapachala. Kuphazi anali atavala nsapato za malemu. M'manja anali ndi botolo la parafini. Kumbuyo kwake kunali Thandie ndi amake Ricky, ndipo kumbuyo kwa iwowo kunali chigulu cha anyamata a pa siteji ya maminibasi, ena mafoni ali m'mwamba kale akujambula.

"Alamu, ife sitinabwerere ndewu," anatero Dominiko. "Tabwera kuti m'bale wathu apumule. Tulutsani chinthucho."

"Takulandirani, alamu. Khalani pansi tikambirane ngati abale."

"Ubale unathera kumanda. Tulutsani."

Anyamata sanadikire. Awiri analowa m'nyumba n'kutuluka ndi thumba la zidole, n'kulikhuthulira pabwalo. Njovu, akamba ndi nkhuku zinamwazikana m'fumbi, zina n'kugwera m'ngalande ya madzi otsukira mbale. Nthawi yomweyo Mai Ayesha, amene ankabwera kudzatenga thumbalo, anadzipanikiza pakati pa anthu.

"Chotsani mapazi anuwo!" anakalipa. "Zimene mukupondazo ndi phala la anthu amene agona pomwe anagona mchimwene wanu. Inu bambo, phala limene Hawkins ankamwa kumapeto kuja munkaganiza kuti likuchokera kuti? Inu kuchipatala munkangoima pakhomo la wodi, mphuno mutatseka. Amene ankamupukuta masanzi ndi mkazi mukumutcha mfitiyu."

"Gulu lake ndi lomweli!" wina anakuwa kumbuyo. Anthu anaseka.

Alinane anali ataima pakona ya khonde, chidole atachifungatira ndi manja onse. Dominiko anamuona. Anapita n'kugwira mwendo wa chidolecho.

"Bweretsa kuno, iwe."

"Ayi, ankolo! Ndi adadi!"

"Mwamva?" anatero amake Ricky. "Mwamva nokha!"

Dominiko anakoka, mwana anakakamira. Anakokanso, mwana anamuluma padzanja. Pamenepo bamboyo anapsa mtima. Anatsegula botolo n'kuwaza parafini pachidole chili m'manja mwa mwana chomwecho. Parafini ananyowetsa chipewa cha chidole, manja a Alinane, ndi diresi lake kutsogolo konse.

Mnyamata wina anagwedeza bokosi la machesi m'mwamba. "Ingoyatsani, bigi! Mwanayo asiya yekha!"

Selina anayang'ana machesi aja, anayang'ana diresi lonyowa lija. Anadziwa kuti pagulu lotere palibe amene amayatsa, koma moto umayaka ndithu, ndipo mawa aliyense amati sanaone. Anadziwanso kuti mwana wake sangapereke chidolecho kwa munthu wina aliyense padziko lapansi, kupatula mmodzi.

Anagwada patsogolo pa Alinane.

"Mwanangu, taona adadi anyowa. Tandipatsa ndiwapukute."

Alinane anamuyang'ana m'maso. Kenako anatambasula manja n'kupereka, mosamala, mutu wa chidole atauchirikiza ndi chikhatho.

"Muwapukute bwinobwino, amami. Akuzizidwa."

Selina anaimirira. Anakankhira mwanayo kwa Mai Ayesha, n'kutembenukira kugulu.

"Mukuti muli munthu m'menemu? Mukuti muli mankhwala? Yang'anani bwino, nonsenu. Inu a mafoni, jambulani."

Analuma mfundo ya pamwamba pa chipewa, n'kugwira nsonga ya ulusi, n'kukoka. Choluka chilichonse chimatero, ukapeza nsonga yake chimatha chokha. Chipewa chinasungunuka mzere ndi mzere. Kenako mphumi.

"Amami, ayi!" Kukuwa kwa Alinane kunang'amba bwalo lonse. "Mukuwapweteka! Amami, siyani! Mwati muwapukuta!"

Mai Ayesha anamugwira mwamphamvu, kuyesa kumubisa nkhope m'nsalu yawo, koma mwanayo anapotoloza khosi n'kuona zonse. Selina sanatembenuke. Akanatembenuka manja akanaleka. Anakoka, misozi ikugwera paulusi. Mabatani a maso anagwa pansi. Khosi linatha, mapewa anatha, ndipo za m'mimba zinakhuthukira pafumbi: kachidutswa ka chitenje, ka yunifolomu ya sukulu, ka katani yamaluwa, zonse zotola pansi pa makina a telala Shafiq.

"Fufuzani!" anakuwa Selina, mawu atasasa. "Muli fupa? Muli tsitsi? Muli nsupa? Alamu, gwadani mufufuze m'bale wanu!"

Dominiko anapalasa zidutswazo ndi nsonga ya nsapato. Sanapeze kanthu. Anatseka botolo lake, n'kunena kuti iye amangofuna kutsimikiza, poti nkhani zinachuluka. Anyamata anatsitsa mafoni mokhumudwa, ngati anthu amene alipira kanema magetsi n'kuzima. Amake Ricky anamveka akuuza mnzawo potuluka kuti n'zachidziwikire, mkaziyo anali atamusamutsa kale malemuyo m'chidolemo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anati pepani.

Thandie yekha ndiye anatsalira. Anawerama n'kutola batani limodzi. Juzi ija ndi iyeyo amene anamugulira Hawkins, kalekale, mchimwene wakeyo atangopeza ntchito ku Makata. Anafumbata batanilo, ndipo Selina anaganiza kuti mwina anena kanthu. Koma Thandie anangolowa m'nyumba mwake n'kutseka chitseko.

Alinane anali atasiya kulira. Anaima chilili, manja ali lende, akuyang'ana mulu wa ulusi wobiriwira m'fumbi. Mayi ake atamuvula diresi n'kumusambitsa, sanakane, sanathandize. Atamufunsa ngati akufuna tiyi, anangowayang'ana. Kuyang'ana kwake kunali komwe kuja.

Loweruka limenelo ku Kameza sikunapite munthu. Zidole zinayenera kuchapidwa kaye. Ulusi wobiriwira uja Selina anautola wonse, koma unkanunkha parafini moti sukanayandikira mphuno ya mwana. Anauyanika padzuwa, fungo osachoka. Anaupachika pamphepo, osachoka. Pamapeto pake anachita chimene anakana kuchita poyamba paja. Anauviika m'madzi a sopo, anauchapa, n'kuuchapanso, akulira ngati maliro ayambiranso.

Sabata yonseyo analuka. Anakumbukira mzere uliwonse, kachipewa komwe kaja, mapewa omwe aja. Diso limodzi anaika batani lotsala lija, linalo anachotsa pa bulauzi yake. Alinane ankakhala pakona ya khonde osayang'anako, osatulutsa liwu, phala akumwa pokhapokha amuikire sipuni pakamwa.

Lachisanu linalo chidole chinatha. Selina anagwada pamalo pomwe anagwada tsiku lija.

"Mwanangu, taona. Ndawakonza. Ndikhululukire, Alinane. Ndinkaopa kuti akuwotcha."

Mwanayo analandira. Alinane anachitembenuza, anayang'ana maso osiyana aja, kenako anaika mphuno pakhosi pake. Ananunkhiza nthawi yaitali. Anasuntha mphuno n'kununkhiza pachifuwa, ndi kumsana komwe. Munali sopo wa pagolosale basi.

Anaimirira, n'kuyenda mpaka pamene panali thumba la ku Kameza. Anachiika pamwamba pa njovu ndi akamba, n'kubwerera pakona pake.

"Awa si adadi," anatero, osayang'ana mayi ake. "Adadi munawang'amba. Ichi kagulitseni."

Amenewo ndiwo mawu okhawo amene anatuluka pakamwa pake mwezi wonse wotsatirawo.

M'mawa mwake pa Kameza, akuyala zidole pachitenje m'mbali mwa msewu, Mai Ayesha anachipeza m'thumbamo. Anachigwira, n'kuyang'ana Selina.

"Ichinso?"

Selina anagwedeza mutu kuvomera.

Galimoto yoyamba kuima inali ya mayi wina amene ankapita kubwalo la ndege ndi kamwana kake. Kamwanako sikanayang'ane njovu, sikanayang'ane mbidzi. Kanaloza kabambo kobiriwira ka chipewa. Mayiyo anafunsa ngati n'zoona kuti ndalama zake zimathandiza odwala khansa, ndipo atamva kuti inde, anayamikira kwambiri ntchito yabwino imene amayiwa akugwira.

Selina anapereka chidolecho ndi manja awiri. Anaima n'kumayang'ana galimotoyo ikuzungulira raundabauti mpaka inasowa, kenako anakhala pansi n'kutola singano zake, poti njovu ina inali isanathe chitamba.